Mwana wanga akufuna Demography ku UNZA, kodi ntchito yake ilipo?

Nachisale_Chelstone
Moni nonse a pagulu pano. Paja amati safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Mwana wanga wachisamba wapeza malo ku yunivesite ya UNZA ndipo akuti akufuna kuchita Demography. Ine ndimagulitsa salaula ku Kamwala, sukulu ndinalekezera Grade 9, mawu amenewa ndawamvera kwa iyeyo. Atandifotokozera ndinatolapo zoti ndi maphunziro owerenga anthu. Bambo ake anaseka mpaka misozi, akuti boma limawerenga anthu kamodzi pa zaka 10, nanga zaka 9 zinazo mwanayu azidzadya chiyani? Iwo akufuna achite uphunzitsi, poti mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndipo ana a aneba athu tinawaperekeza tokha ku Intercity. Loni ya boma ya ophunzira, ya HELSB, ikapezeka adzabweza yekha, ikapanda kupezeka ndiye kuti ndi mabelo anga amene alipire. Amene mukudziwa ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Chawama_Original
Abambo akunena zoona amayi. Msuweni wanga anachita zomwezo, pano ali m'kabuthi ka mobile money pa Kulima Tower. Anthu akuwawerengadi, koma okhawo obwera kudzatumiza ndalama.

MwanaWaKatete
A Chawama, m'mabuthi amenewo mulinso a Economics, a Public Administration, ngakhale aphunzitsi amene sanatengedwe mu 2022 muja. Ulova wa mu Lusaka susankha digiri.

Chawama_Original
Ndiye mwavomereza kuti ndi ulova ndithu.

DataNdiNsima
Amayi a ku Chelstone, ine ndi amene ndinachita kosi imeneyi ndipo ndi imene ikundidyetsa, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Choyamba, kalembera ndi kachigawo kochepa chabe. Zimene mwana wanu akaphunzire ndi zitatu zimene zimasintha chiwerengero cha anthu: kubadwa, kumwalira ndi kusamuka. Tengani Zambia yathuyi. Mu 2010 tinalipo 13.1 miliyoni, mu 2022 tinapezeka 19.6 miliyoni. Chigawo cha Lusaka chokha chinapitirira 3 miliyoni. Wina ayenera kukhala pansi n'kuwerengera kuti ana obadwa chaka chino akadzafika Grade 1 padzafunika makalasi angati, katemera agulidwe wochuluka bwanji, chipatala cha ku Kanyama chikutumikira anthu angati kwenikweni. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo siidikira zaka 10. ZamStats, ofesi ya boma ya ziwerengero imene kale inkatchedwa CSO, imachita kafukufuku wa anthu apantchito, wa kakhalidwe ka m'mabanja ndi umphawi, komanso ZDHS, ya chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, imene yachitika mu 1992, 1996, 2001 mpaka 2002, 2007, 2013 mpaka 2014, 2018 ndi 2024.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Mukatsegula nyuzipepala kapena pa intaneti kufunafuna malo olembedwa kuti akufuna Demographer, mudikira mpaka imvi. Malo otere ndi owerengeka, ku ZamStats, ku yunivesite, mwina ku UNFPA, bungwe la United Nations loona za chiwerengero cha anthu. Ntchito zathu zimabwera zitavala mayina ena: M&E Officer (wolondoloza ndi kuunika mmene ntchito za bungwe zikuyendera), Data Manager, Research Assistant, Statistician, Planner, Strategic Information. Ine chiyambireni sindinakhalepo ndi kalata ya ntchito yolembedwa Demographer. M'kalasi mwathu amene anapita patsogolo si amene ankakhoza kwambiri mayeso ayi, koma amene pomaliza chaka chachinayi ankatha kutsegula Stata kapena R, kutsuka deta yauve, kutulutsa tebulo n'kulemba ndime ziwiri zomveka zofotokoza tebulolo. Ku intavyu masiku ano amakupatsa laputopu ndi fayilo, n'kukuuza kuti uli ndi ola limodzi. Satifiketi imangokulowetsa pakhomo.

Chachitatu, kodi masamu amawakonda? Ngati amathawa masamu musamukakamize, akavutika.

Nachisale_Chelstone
Masamu ndiye kwawo achimwene, anapeza 2 pa Grade 12. Ndi amene amandiwerengera phindu la belo. Koma Stata ndi ndani?

Chawama_Original
Ndi mlongo wake wa Stella.

DataNdiNsima
Ndi pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera ziwerengero amayi. A Chawama asiyeni, adya kale nsima.

Tiyeseko_22
Ine sindinapite ku yunivesite koma ndinagwira nawo kalembera wa 2022 kwathu ku Eastern, uja tinkayenda ndi matabuleti m'malo mwa mapepala. Ndikuuzeni, kuwerenga anthu si masewera. Ufika pakhomo, ufunsa agogo zaka zawo, akuti "lembani 60". Nyumba yotsatira 60, ina 70, ina 50. Mudzi wonse palibe wa zaka 63 kapena 58. Umayenera kukhala pansi n'kuyamba kufunsa kuti pa ufulu mu 1964 munali msinkhu wanji, munali mutatha msinkhu kapena ayi, mwana woyamba munabereka a Kaunda akadali pampando kapena atachoka. Kenako bambo wa mitala, nyumba zonse ziwiri akuti ndi wathu, ukapanda kusamala umulemba kawiri. Unalinso mwezi wa August, anthu ali pa ulendo wa ku Mkaika ku Kulamba, ena kumaliro, ukapeza chitseko chotseka n'kubwereranso katatu. Batire ya tabuleti yatha, netiweki kulibe, galu akuthamangitsa. Koma ndinaikonda ntchitoyo, ndipo ndi imene inanditsegulira khomo. Kuchokera pamenepo ndayendapo m'makafukufuku ena atatu. Vuto ndi loti ndi ganyu, mwezi umodzi kapena iwiri basi. Kwina komwe ndinagwirako chaka chatha alawansi tinailandira patapita miyezi itatu, lendi itandikwana m'khosi.

DataNdiNsima
A Tiyeseko, za 60 ndi 70 zija zili ndi dzina lake m'kalasi, age heaping, ndipo pali kawerengedwe kotchedwa Whipple's index koyezera kuti anthu aunjikana bwanji pa zaka zothera ndi 0 ndi 5. Wolemba m'mudzi amabweretsa manambala, wa Demography ndi amene amadziwa pamene manambalawo akunama ndi mmene angawawongolere. Kusiyana kwa ganyu ndi ntchito kuli pamenepo.

AgogoAkuKabwata
Ana inu mwandikumbutsa kale. Ine ndinapuma ntchito ya ziwerengero m'boma, kalembera wa 1980 ndinali mnyamata wonyamula mabokosi a mafomu, wa 1990 ndi wa 2000 ndinali woyang'anira gulu. Woyamba dziko litalandira ufulu unali wa 1969, ndipo anthu anangopitirira pang'ono 4 miliyoni. Taganizani, dziko lonse kuyambira Livingstone mpaka Mbala, lero chigawo cha Lusaka chokha chikuyandikira pamenepo.

Chimene ndikufuna kuuza mayi wa mwanayu ndi ichi. Ntchito imeneyi si ya masamu okha, imafunanso munthu wodziwa mwambo. Mukafunsa mayi wa kumudzi kuti munabereka ana angati, amakuuzani amoyo. Khanda limene linamwalira lisanatuluke m'chikuta salitchula, poti kwathu kuno limenelo amaika amayi okhaokha mwakachetechete, silikhala ndi maliro. Tsono ngati wofunsa ndi kamnyamata ka m'tauni kothamangira kumaliza fomu, imfa za makhanda zimasowa m'mabuku, boma n'kumaganiza kuti zinthu zili bwino. Pa imfa za amayi oyembekezera timafunsa munthu za azichemwali ake, kuti alipo angati, anamwalira angati, anamwalira ali ndi pakati kapena atangochira. Funso lotere sulifunsa utaimirira pakhomo. Mwana woleredwa bwino, wodziwa kugwada ndi kupepesa, wolankhula Chichewa chenicheni osati cha pa Cairo Road chokha, ali kale ndi theka la ntchitoyi.

Za malipiro a m'boma sindikunamizani, si olemeretsa. Koma ndinaphunzitsa ana asanu ndipo penshoni ndikulandira.

Nachisale_Chelstone
Zikomo agogo. Za chikuta mwanenazo zandikhudza, inenso ndinataya mmodzi wotero ndipo sindimuwerengera ndikafunsidwa. Sindinkadziwa kuti pali amene amafuna kudziwa.

Mlonda_wa_Ziyoni
Pepani amayi. Koma ine ndinene mosabisa, maphunziro amenewa ndi a azungu ofuna kuti tisiye kubereka. Amabwera ndi magalimoto oyera, kufunsa kuti mumagona ndi angati, mumalera ndi chiyani, kenako atenge magazi. Mawa lake mumva kuti Afirika achulukana. Dziko lathu ndi lalikulu, pitani ku Mumbwa mukaone tchire. Mulungu anati muchulukane.

MwanaWaKatete
Abusa, ku Mumbwa kuli tchire koma inu mukukhala ku John Laing, chimbudzi chimodzi mabanja asanu ndi limodzi.

Mlonda_wa_Ziyoni
Ndimakhala ku Garden ine, ndipo si ine m'busa.

Nangondo_L
A Mlonda, funso lanu si lopusa ngakhale anthu akuseka. N'zoona kuti ndalama zambiri za kafukufuku wotere zakhala zikuchokera kunja, ndipo wolipira ng'oma ndi amene amasankha nyimbo. Koma wowerenga sauza munthu kuti abereke angati. ZDHS ya 1992 inapeza kuti mayi mmodzi amabereka ana 6.5 pa avareji, ya 2018 inapeza 4.7. Amene anatsitsa nambalayi si ife ofunsa mafunso, ndi atsikana kukhalitsa kusukulu, kulera kufika m'makiliniki, ndi mtengo wa thumba la ufa. Za magazi, amapempha chilolezo ndipo uli ndi ufulu wokana. Kafukufuku wa zaumoyo sayamba popanda kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa komanso National Health Research Authority. Magazi omwewo ndi amene anatiuza mu kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 kuti akuluakulu 11 pa 100 alionse ali ndi HIV, ndipo boma limadalira manambala otere poitanitsa ma ARV. Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2024 mpaka Heroes Stadium kusanduka chipatala, ogawa katemera ankafunika kudziwa kuti ku Kanyama ndi ku Matero kuli anthu angati. Popanda wowerenga, mukanagawa bwanji?

Koma amayi a ku Chelstone, ine ndabwera ndi mbali ina imene a DataNdiNsima sanaikhudze. Ndagwira M&E zaka 9 m'mabungwe a zaumoyo. Malipiro anali abwino, sindikana, ndinagula puloti ku Chongwe. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lakunja, bungwe lathu linatitumizira uthenga usiku kuti mawa musabwere. Patapita milungu ingapo makalata anatuluka, dipatimenti yonse, anthu a masters ndi ana kusukulu za fizi. Ngakhale pulogalamu ya DHS yeniyeniyo, mayi wake wa ZDHS, imene bungwe la America la USAID linkalipirira m'maiko ambiri kuyambira m'ma 1980, inadulidwa mu February chaka chomwecho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito za m'mabungwe ndi za kontirakiti, chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo chitsime chake chili kutsidya kwa nyanja. Pano ndikuchita tima consultancy apa ndi apo, ndi kuweta nkhuku. Sindikuti mwana asachite, koma alowe maso ali otsegula.

Chawama_Original
Mwamva? Nkhuku. Ndinanena ine.

Nangondo_L
Nkhuku zanga ndimaziwerenga bwino kuposa inu achimwene, ndikudziwa ndi mortality rate yake.

BamboWaMapasa
Ine ndili mbali ya bambo wa mwanayo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mphunzitsi akalowa pa payroll walowa, kaya America yakwiya kaya yasangalala. Ndipo sukulu zaulere zadzaza ana, aphunzitsi azifunikabe.

MwanaWaKatete
Nanga amene anamaliza uphunzitsi 2016 n'kudikira mpaka 2022 mukuwaiwala? Ndipo mwana wosafuna choko mukamukakamiza, akavutitsa ana a eni.

Mnyasa_wa_pa_Chilenje
Ndilowereko monga mlendo wochokera kutsidya kwa Mchinji. Kwathu ku Malawi nkhani ndi yomweyi. NSO, ofesi yathu ya ziwerengero, ili ku Zomba, kalembera wathu womaliza anali wa 2018 ndipo tinapezeka 17.5 miliyoni. Ku Karonga, dera la Chilumba, kuli malo amene akhala akulemba kubadwa, imfa ndi kusamuka kwa anthu a m'midzi yomweyo chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 20, ndipo achinyamata ambiri aphunzirira ntchito pamenepo. Mu May 2024 msonkhano waukulu wa akatswiri a chiwerengero cha anthu mu Africa muno, umene limakonza bungwe lawo la UAPS, unachitikira ku Lilongwe. Ndinapitako, ndipo a ku Zambia analipo ambiri ndithu, ena ana asukulu atanyamula maposita awo, anangokwera basi kudzera pa Mwami. Ubwino wa ntchitoyi ndi umenewo, luso lake limawoloka malire. Life table, tebulo losonyeza zaka zimene anthu amakhala ndi moyo, ya ku Lusaka ndi ya ku Nairobi kapangidwe n'kamodzi. Koma amayi, salaula ndiye chiyani? Kwathu timati kaunjika.

Nachisale_Chelstone
Ndi zomwezo achimwene, kuno timati salaula poti umasankha pa mulu. Mubwere ku Kamwala Loweruka ndikutsegula belo la majekete.

Chawama_Original
Amalawi mwabwera kudzatiwerenga kapena kudzatithera ufa?

Mnyasa_wa_pa_Chilenje
Ufa wanu wa breakfast uja ndi woyera ngati pepala koma sukhalitsa m'mimba. Tipatseni mgaiwa.

BamboWaMapasa
Kuno timati roller meal, ndipo musaunyoze, ndi umene watilera.

Admin_Kalingalinga
Abale, za ufa zili ndi tsiku lake. Mayi afunsa za mwana.

Dokota_wa_Manambala
Ndimaphunzitsa, ndiye ndiyankhe monga ndimayankhira makolo obwera ku ofesi.

A Nangondo anena zoona, msika wa mabungwe wachepa ndipo sitikudziwa kuti udzabwerera liti pamene unali. Malo a kafukufuku monga CIDRZ, Zambart pa Ridgeway, Population Council, TDRC ku Ndola ndi Macha ku Choma ndi kumene ana athu ambiri akhala akuyambira, ndipo ambiri mwa malo otere amadalira ndalama zakunja. Koma kufunika kwa ntchitoyi sikunachoke ndi opereka thandizo. ZDHS ya 2018 inapeza kuti mwa ana osakwana zaka 5, 14 okha pa 100 ndi amene kubadwa kwawo kunalembetsedwa kuboma. Imfa zambiri za kumudzi sizilembedwa paliponse, n'chifukwa chake timachita kufunsa achibale mmene munthu anadwalira kuti tiyerekeze chimene chinamupha. Dziko limene silidziwa obadwa ndi omwalira ake lili ndi ntchito yaikulu yoti ligwire, ndipo lidzayenera kulipira ana ake omwe. CDF, ndalama za chitukuko cha m'madera, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022. Makhonsolo tsopano ali ndi ndalama, koma kusankha kuti kiliniki imangidwe wadi iti kumafuna munthu wodziwa kumene kuli anthu ndi kumene akusamukira. Kulinso NAPSA ya penshoni ndi makampani a inshuwalansi amene moyo wawo wonse uli pa funso loti anthu akhala zaka zingati, mabanki, makampani a mafoni, ndi ofufuza za misika. Kumeneko samakufunsa dzina la digiri, amakufunsa zimene manja ako amatha.

Mwanayo akalowa achite izi. Asadikire chaka chachinayi kuti agwire deta yeniyeni. Deta ya ZDHS imaperekedwa ulere ukalembetsa n'kufotokoza chimene ukufuna kufufuza, ndipo IPUMS, nkhokwe ya deta ya pa intaneti, ili ndi zitsanzo za kalembera wa Zambia wa 1990, 2000 ndi 2010. R ndi yaulere, QGIS yojambulira mapu ndi yaulere, KoboToolbox yopangira mafunso a pa foni ndi yaulere. Aphunzire DHIS2, pulogalamu yosungira deta ya zaumoyo, poti ndi imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito. Aphatikize ndi Economics, Statistics kapena makompyuta, asayende ndi mwendo umodzi. Pa holide apite ku field ngakhale kolipira pang'ono, akalumidwe ndi agalu a a Tiyeseko. Ndipo aphunzire kulemba. Ana ambiri amatulutsa tebulo lokongola koma kufotokoza zimene likunena, thukuta.

Digiri yoyamba yokha masiku ano imafika pa Research Assistant. Wofuna kukwera amafunika masters, pa UNZA pomwepo, kapena RIPS ku University of Ghana, Wits ku Johannesburg, Cape Town, kapena London School of Hygiene and Tropical Medicine kwa opeza sikolashipu ya Commonwealth kapena Chevening. Ofuna PhD ayang'ane pulogalamu ya CARTA, imene imayendetsedwa ndi APHRC ya ku Nairobi pamodzi ndi Wits.

Tiyeseko_22
Adokotala, nanga ife a Grade 12 amene tazolowera field, pali khomo?

Dokota_wa_Manambala
Lilipo. Woyang'anira gulu wabwino amasowa kuposa wa digiri. Phunzirani kupanga fomu pa Kobo kapena CSPro nokha, osangodzaza yopangidwa ndi ena, kenako chitani kosi yaifupi ya M&E. Ndaona anthu akwera motero.

BamboWaMapasa
Zonsezi ndi zabwino, koma mwatchula masters, laputopu, sikolashipu. Mayiyu amagulitsa salaula. Mphunzitsi diploma zaka zitatu wayamba kuthandiza azing'ono ake.

DataNdiNsima
Apo mwalasa abambo, sinditsutsa. Ine ndinakhala chaka ndi miyezi inayi ndisanapeze ntchito yokhazikika, ndikudya kwa alongo anga ku Mtendere. Banja liyenera kudziwa kuti pali kanyengo kameneko. Koma mayi anga ankagulitsa tomato pa Soweto, ndipo masters anandilipirira ndi ena, osati iwo.

Mlonda_wa_Ziyoni
Ine ndikadali pomwepo. Koma ngati mwanayo adzawerenge ana athu omwalira m'chikuta kuti boma lichite manyazi, apite.

Nachisale_Chelstone
Ndawawerengera bambo ake zonse usiku, magetsi atapita, pa tochi ya foni. Pa nkhuku za a Nangondo anati "wamva?", pa penshoni ya agogo a ku Kabwata anakhala chete. Sanavomere koma asiya kuseka. Mnyamatayo akuti atenga pamodzi ndi Economics monga anenera adokotala, ndipo wayamba kale kufufuza R ija pa foni yanga mpaka bandulo yatha. Tsopano funso lina, laputopu yogwirako kale yoti ingathe zimenezi ndingaipeze pa ndalama zingati, ndipo ndiyang'ane chiyani kuti asandibere ku Town Centre?

DataNdiNsima
RAM isachepere 8GB, ikhale ndi SSD, ndipo batire muiyese pomwepo musanalipire, poti ndi magetsi athuwa batire ndiye laputopu. Musapite nokha, mundiuze tsiku ndikuperekezeni. Mtengo tikakambirana konko.

Chawama_Original
Msuweni wanga uja ali nayo ina akugulitsa. Stata ilimo kale.